Mphuno ya Orest

Pa sikirini yanga zonse n'zobiriwira.
Masitolo makumi anayi ndi imodzi,
timakina ta m'manja zikwi zitatu,
mzere wa pa tchati ukungokwera ngati utsi wopanda mphepo.
Lolemba ndikaima pamaso pa mabwana ku Toronto
n'kunena kuti ntchito yatheka.

Koma tulo tandikana.
Folo koloko m'bandakucha ndili pa msewu,
Winnipeg yense wafunda chipale chofewa,
wailesi ikuti madigiri makumi atatu kunsi kwa ziro.
Ndikulowera khomo la kuseri, la mathiraki,
kumene kasitomala sanapondeko.

Gurleen wandiona, ndipo sakubisa kanthu.
M'thumba la epuloni yake muli timakina tinayi,
tonse totsegulidwa ndi dzina lake.
"Pasiwedi imafa mwezi ukatha," akutero,
"ndipo a thandizo amayankha foni naini koloko,
ife tili mkonono.
Ndiye anzangawa ndimangowalowetsa ine."
Tchati yanga imawerenga makina oyaka.
Manja siwerenga.

Kenako chitseko cholemera cha chipinda chozizira.
Mkatimo mpweya ukuluma mano,
ndipo pakati pa makatoni a nsomba ndi nsawawa
pali Orest Pawluk, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
akupanga mashelefu omwewa,
magolovesi ake okhuthala ngati buledi.
Wanyamula kamakina kanga ndi manja awiri,
wakafikitsa kumaso.
Ndimayesa akufuna kukapsompsona.
Jo! Ndi mphuno.
Jo, jo. Katoni yalowa m'kaundula.

"Galasili silimva chala cha m'golovesi.
Ndikavula, chala chimafa pa katoni yachitatu.
Chatsala panja ndi mphuno basi."

Miyezi isanu ndi itatu tinakayesa kamakinaka
m'chipinda chofunda, pansanjika ya khumi ndi chinayi,
khofi pambali, zala zili mbulanda.
Panali kena ka mabatani enieni.
Ndinakakana ndine.
Ndinapulumutsa madola khumi ndi imodzi pa kalikonse
ndipo anandiombera m'manja.

Orest sakudandaula, n'zimene zikundipweteka.
"Si koipa ayi.
Kale ndinkayenda kasanu usiku umodzi
kukatenga mapepala ku ofesi; mawondo akuthokoza.
Kungoti amene anakasankha sanazizidwepo."

"Ndine," ndikutero.

Wandiyang'ana. Nsidze zake zayera ndi chisanu.
Sanapepese, sanaseke.
Wangovula magolovesi n'kundipatsa,
manja ake wawapisa m'khwapa.
"Nsawawa zatsala makatoni asanu ndi atatu. Lembani."

Ndikukanikiza ndi chala. Zii.
Ndikukanikizanso, mwamphamvu, ngati galasi lingachite manyazi.
Zii.
Ndiye ndikuwerama, mayi wa madigiri awiri a ku yunivesite,
ndikujompha ngati nkhuku.
Mpweya wanga waphimba manambala.
Ndalemba makumi asanu ndi atatu.
Pakhomo Gurleen wagwira nthiti:
"Mawa kubwera thiraki yopanda nsawawa, mwatipha!"

Cha pachala n'cha mphepo, ndaona lero.
Chako n'chimene chili pamphuno.

Tsopano ndili m'galimoto, injini ikulira,
laputopu pamiyendo.
Tsamba lobiriwira lija ndalifufuta.
Ndikuwerengera: timakina ta mabatani mazana awiri a zipinda zozizira,
munthu mmodzi woyankha foni usiku,
pasiwedi yokhalitsa.
Bajeti yafiira.
Sindikudziwa ngati a ku Toronto adzavomera;
mwina adzafunsa kuti chaka chatha ndinali kuti.
Yankho ndili nalo: ndinali pofunda.

Sikisi koloko. Shifiti yatha.
Magetsi a kutsogolo ayaka, mashelefu adzaza
ngati adzidzaza okha.
Uko pa siteji ya basi Orest waima chogwada pang'ono,
chikwama cha chakudya m'manja,
ndipo akukoka sikafu pang'onopang'ono
mpaka yaphimba mphuno.
Yaweruka nayonso.